Akamba a m'nyanja ali ndi owalondera usiku, ndipo ine ndili mbali ya olonderawo

Azimayi anzanga a kuno ku Joni, ndi inu abale amene mumawerenga muli kumudzi, lero ndabwera ndi nkhani ya akamba. Eee, akamba. Musafulumire kudutsa, khalani kaye pansi.

Pali mawu amene timakonda kuuzana tikakumana Lamlungu, tsiku limodzi lokha limene timavula yunifomu. Timati dziko lino nyama ili ndi ulemu kuposa munthu wakuda wochokera kunja. Mawuwa sindingawatsutse onse. Tonse tawaona agalu ogona pabedi, okhala ndi dokotala wawo, pamene wantchito akugona m'kachipinda ka kuseri kodontha mvula. Amene tinali ku Durban mu 2015 tikukumbuka anthu athu akugona m'matenti ku Isipingo, kudikira mabasi owabweza kumudzi. Ndiye munthu wa mtima wopsa chonchi akamva kuti kuli anthu olembedwa ntchito yoyenda usiku m'mphepete mwa nyanja kulondera akamba akuikira mazira, amangoseka mowawidwa n'kunena kuti mwaonatu, ngakhale kamba watiposa.

Pa nkhani ya agalu a pabedi tigwirizana. Pa nkhani ya akamba ayi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundiyankha zowawa.

Malo ake ndi kumpoto kwenikweni kwa KwaZulu-Natal, kumene South Africa imathera n'kuyamba Mozambique. Gombe lake ndi lalitali, la mchenga wokhawokha, kumbuyo kwake kuli mapiri a mchenga omera nkhalango. Mayina ake ena munawamvapo kwa mabwana anu akamakonza za holide: Sodwana Bay, Mabibi, Bhanga Nek, Kosi Bay. Dera lonseli lili mu paki ya iSimangaliso, imene mu 1999 inalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse. Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale, akamba aakazi amatuluka m'nyanja usiku kudzaikira mazira mumchengamo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ana amaswa.

Musaganize za kamba wa kutchire amene ana amatola pokaweta mbuzi, kapena nkhasi za kunyanja kwathu. Awa ndi zinthu zina. Mitundu yake pagombeli ndi iwiri. Wina amamutcha loggerhead, wa mutu waukulu ndi chigoba chofiirira, wolemera kuposa mwamuna wonenepa. Winayo ndi leatherback, amene alibe chigoba cholimba koma chikopa chakuda chokhala ndi mizere isanu ndi iwiri kumsana. Ameneyu akhoza kufika makilogalamu 400 kapena kupitirira. Inu a kumudzi werengani matumba 8 a chimanga, muwaunjike pamodzi, kenako muwapatse miyendo yonga nkhafi za bwato. Akadutsa pamchenga amasiya mkukuluzi ngati padutsa thirakitala.

Ine ndinawaona chifukwa cha mwana wa eni ake. Mukudziwa mmene holide ya Disembala imakhalira kwa ife: banja likupita kukapuma, iwe ukupita kukachapa mbale m'khitchini yachilendo. Chaka china banja limene ndinkagwirako linachita lendi nyumba cha ku Kosi Bay. Usiku wina analipira ulendo wokaona akamba, ndipo ananditenga kuti ndikabereke wamng'ono akatopa. Sanandilipirire kuti ndikaone, anandilipirira kuti ndikabereke. Koma maso ndi anga.

Wotitsogolera anali mayi wa m'mudzi wa komweko, wa msinkhu wanga. Lamulo lake loyamba: matochi onse azime, mafoni alowe m'thumba. Bwana wanga, munthu wosazolowera kuuzidwa zochita ndi mkazi wakuda, anazimitsa foni osayankha kanthu. Zimenezo zokha zinandikoma, sindinama. Tinayenda mumdima pa mchenga wofewa, uja umati ukaponda umabwerera m'mbuyo, mwana ali kumsana akuwodzera. Ola loyamba palibe kanthu. Ola lachiwiri palibe kanthu. Madamu anayamba kung'ung'udza za ndalama zawo. Kenako mayi uja anaima, n'kuloza pansi. Ine ndinangoona mchenga. Iye anaona mapazi, ndipo anadziwa mtundu wa kambayo asanamuone, chifukwa loggerhead amakwawa mosinthanitsa miyendo pamene leatherback amakoka yonse iwiri pamodzi. Anadziwanso kuti sanabwerere m'madzi, popeza mzere unali umodzi, wokwera wokha.

Anatikhazika pansi patali, n'kupita yekha. Chifukwa chake n'chakuti kamba akangotuluka m'madzi amakhala wamantha kwambiri. Akaona kuwala kapena chinthu chikuyenda, amatembenuka n'kubwerera m'nyanja osaikira, mphamvu zonse zokwawira zija zapita pachabe. Uyenera kumusiya akwere mpaka kumene mafunde safika, apalase malo ogona ndi miyendo yakutsogolo, kenako ayambe kukumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo. Akayamba kugwetsa mazira m'pamene amakhala ngati wagwidwa tulo, ndipo m'pamene anthu angayandikire, kuchokera kumbuyo, ndi katochi kamodzi kosawala kwambiri.

Kukumbako, azimayi anzanga, ndimafuna mukanaona. Mwendo umodzi umalowa, kupinda ngati dzanja lotapa ufa m'lichero, kutulutsa mchenga n'kuuika pambali. Kenako winawo. Sakuona chimene akuchita, mutu uli kutsogolo uko, koma dzenje likutuluka losalala, lopapatiza kukamwa, lotambasuka pansi ngati mtsuko. Mazira ake ndi oyera, ozungulira, a khungu lofewa moti sasweka akamagwerana. Amakhala cha m'ma 100 padzenje limodzi. M'maso mwake mumatuluka madzi okhala ngati misozi, ndipo madamu anati akulira ndi ululu wa kubereka. Mayi uja anawayankha mwaulemu kuti ndi mchere wa m'nyanja umene thupi likutaya. Ine ndinasekera mumtima, chifukwa madamu yemweyo sanandifunsepo ngati ndinalira pobereka anga.

Tsono apa m'pamene pali ntchito imene ndikuiteteza. Kamba akamaikira, olondera amamuyeza ndi tepi, amayang'ana pa miyendo yake ngati ali ndi kachitsulo ka nambala. Ngati ali nako amalemba nambalayo, ngati alibe amamuveka. Amalemba mtundu wake, tsiku, ndi malo enieni pagombepo. Basi. Kenako amapitiriza kuyenda kukasaka wina. Mawa usiku chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mphepo iombe, mvula igwe, Khirisimasi ifike. M'mawa amayendanso kuwerenga mapazi a amene anawaphonya. Palibe chodabwitsa pa usiku umodzi. Munthu woonera kumbali angati akungotaya nthawi ndi kabuku konyowa.

Koma kabukuko kanayamba kulembedwa mu 1963. Nthawi imeneyo akamba ankaphedwa akangotuluka m'madzi, mazira ankafukulidwa, ndipo anali kutha. A Natal Parks Board ndi amene anayambitsa kulonderaku, ndipo lero ntchitoyi ili m'manja mwa Ezemvelo KZN Wildlife. Ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri za mtundu wake padziko lonse. Zaka zoposa 60, nyengo iliyonse, pa gombe la makilomita opitirira 50. Boma la tsankho linagwa, Mandela analowa, anatuluka, anamwalira, anthu akuyendabe pamchenga uja usiku.

N'chifukwa chiyani ntchito yake ikufuna zaka zonsezi? Chifukwa kamba sathamanga pa chilichonse. Munthu wina dzina lake George Hughes, amene anathera moyo wake pa akambawa mpaka anadzakhala mkulu wa bungwe lija, anayambitsa zodula kachidutswa kakang'ono m'mphepete mwa chigoba cha ana ongoswa kumene, chaka chilichonse pamalo pake, kuti akadzabwera atakula adzadziwike chaka chimene anabadwa. Anachita zimenezi kwa ana masauzande ambirimbiri, n'kudikira. Yankho linadzabwera patapita nthawi yaitali: loggerhead wa pagombeli amayamba kuikira ali ndi zaka zoposa 30. Taganizani. Dzira limene munthu waliteteza usiku wa lero, phindu lake lidzaoneka iye atakalamba, mwina atamwalira. Ndipo akatswiri amati mwa ana 1,000 oswa, mwina mmodzi kapena awiri ndi amene amafika pokula. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma apa nkhono yachepa.

Zotsatira zake zilipo, si nthano. Zisa za loggerhead zawonjezeka kangapo konse poyerekeza ndi mmene zinalili poyamba. Za leatherback sizinayende bwino chotero: anakwera pang'ono n'kuima, ndipo aakazi obwera kudzaikira pachaka sakwana 100. Ena angati ndiye kuti ntchitoyo yalephera theka. Ine ndikuona mwina. Pakanapanda anthu olemba usiku ndi usiku, ndani akanadziwa kuti mtundu wina ukuchira pamene wina waima? Kabukuko ndi kamene kakuonetsa kuti vuto la leatherback silili pamchenga pokha. Iye amayenda kutali m'nyanja yaikulu, kumene kuli zombo zoponya zingwe zazitali za mbedza, kumene mlonda wa ku Bhanga Nek sangafike. Chakudya chake ndi zinthu zoterera zoyandama zija amati jellyfish, ndipo jumbo yoyandama m'madzi imaoneka chimodzimodzi. Ngakhale maukonde otchingira shaki m'magombe osambirako a ku Durban kuno amakola akamba nthawi zina.

Tsono ndikufunseni, inu amene mumadzuka 5 koloko kukolopa nyumba imene idzadenso madzulo: ntchito yotereyi simukuizindikira? Ntchito yobwerezabwereza, yosaoneka ikachitika, yooneka pokhapokha ikasiyidwa. Ntchito yodikira mwana wa wina usiku kuti asagwe pabedi, kutentha thupi kutsike, eni ake ali mtulo. Mwana amene ndinamubereka pagombe paja lero ali ku sekondale, wamtali kundiposa. Akadzakhala loya kapena dokotala, palibe adzatchule msana wanga. Ine nditaona mayi uja atagwada pamchenga, tochi kukamwa, akulemba nambala, sindinaone zoseweretsa za azungu. Ndinaona mnzanga pa shifiti yausiku.

Ichi n'chimene chimandipweteka tikamaseka ntchitoyi. Timaganiza kuti tikuseka azungu, koma amene amayenda pamchengawo ambiri ndi anthu akuda a m'midzi ya komweko, a mtundu wa Thonga, kumene ntchito ndi yosowa kuposa mvula ya mu Okutobala. Makolo awo ndi amene anatchera misampha ya nsomba ya mitengo ku Kosi Bay, imene ilipo mpaka lero, yosiyirana bambo ndi mwana kwa mibadwo. Nyanjayi amaidziwa kuposa aliyense wobwera ndi digiri. Tikamati akamba alekedwe, ndalamazo zipite kwa anthu, tikuchotsa nsima pakamwa pa anthu omwewo. Ndipo tinene zoona: ndalama ya akamba itachotsedwa lero, mukuganiza kuti ingabwere kwa ife? Ingakonze denga la kachipinda kako? Ingafulumizitse mapepala ako? Aaa, tisanamizane.

Pokwiya tiloze chala pamalo oyenera. Ine mkwiyo wanga uli apa: ntchito ya olonderawa ndi ya nyengo. Akamba akapita, kontirakiti yatha, munthu abwerere kukadikira Novembala. Mayi uja tinacheza pobwerera, m'Chizulu changa chothyokathyoka, ndipo anandiuza kuti miyezi yotsalayo amalima ndi kuluka mikeka. Alendo amalipira ndalama yooneka kuti aone kamba usiku umodzi. Zithunzi zikatuluka, timaona kamba, timaona mlendo akumwetulira, nthawi zina timaona wasayansi. Woyenda usiku uja amaoneka dzanja lokha, logwira tepi. Ngati ntchito yake ndi imene yabweza mtundu wa nyama umene unali kutha, aziwerengedwa ngati katswiri, azilipidwa ngati katswiri, ndipo pakhale njira yoti mwana wa m'mudzimo amene wayenda pagombepo nyengo khumi akaphunzire n'kudzakhala iye wotsogolera kafukufuku. Apo ndiye ndingasaine dzina langa.

Ife zimenezi timazidziwa m'thupi. Dziko lino linatenga nthawi yaitali bwanji kuti livomereze kuti ntchito ya m'nyumba ndi ntchito? Mpaka mu Novembala 2020 m'pamene Khoti la Malamulo Aakulu linagamula kuti wantchito wa m'nyumba akavulala kapena kufera pantchito ayenera chipukuta misozi ngati wina aliyense. Mlanduwo anausuma ndi Sylvia Mahlangu, amene mayi ake anamira mu swimming pool ya abwana awo mu 2012. Malipiro otsikitsitsa a ife anadzafanana ndi a antchito ena mu 2022. Dzulodzulo lomweli. Ndiye ine sindingaime pambali n'kumaseka wantchito mnzanga chifukwa choti amene akumusamala ali ndi chigoba.

Palinso bala lina limene sindikufuna kulilumpha, chifukwa amene mumakhala cha kumpotoko mundikumbutsa. Mapaki ambiri a dziko lino anamangidwa pochotsa anthu. M'dera lomweli la iSimangaliso, m'nthawi ya tsankho, mabanja anasamutsidwa mokakamiza kum'mawa kwa nyanja ya St Lucia, ndipo anthu a ku Bhangazi anachita kudandaula boma litasintha kuti nkhani ya malo awo imveke. Munthu amene agogo ake anakwezedwa pa lole kuti nyama zikhale mwamtendere, ukamuuza za kusamala chilengedwe amayamba wakuyang'ana kaye. Ali ndi chifukwa. Mayi amene anali kudyetsa ana ake mazira a kamba, tsiku lina n'kuuzidwa kuti ndi mlandu, sanali mfiti. Anali ndi njala. Koma n'chifukwa chake ndikuti kulondera kwa anthu a m'mudzi momwemo ndiye njira yokhayo ya ulemu. Mfuti ya mlonda wochokera kutali imateteza chisa usiku umene iye alipo. Mudzi ukamadya kuchokera ku kamba wamoyo, chisa chimatetezeka ngakhale usiku umene palibe akuyang'ana. Amene muli a ku Salima mukudziwa za chilumba cha Mbenje, mmene a Makanjira amatsekera usodzi miyezi ya mvula n'kudzatsegula okha, ndipo asodzi amamvera chifukwa lamulo ndi la kwawo.

Tsopano ndifike pa chimene chandichititsa kulemba usiku uno m'malo mogona. Nkhani ya akambayi anthu amakonda kuisandutsa ulaliki. Amati kamba wamkazi, atayenda zaka 30 m'nyanja, amabwerera kugombe limene anabadwira. Zimenezo n'zoona, ndipo asayansi amati amatsata mphamvu ya maginito ya dziko, ngati ali ndi kampasi m'mutu. Akamba ovekedwa nambala pagombeli apezekapo ku Mozambique, ku Tanzania, ku Madagascar, n'kudzaonekanso pamchenga womwewo. Alibe pasipoti, alibe pemiti, sadziwa kuti pakati pa Kosi Bay ndi Ponta do Ouro pali bodala. Ndiye anthu amatitumizira zithunzi pa WhatsApp, ati taonani, ngakhale kamba amakumbuka kwawo, inu mudzabwera liti?

Amene mumatumiza zimenezo, tamverani mbali yotsalayo. Kambayo sabwerera kudzakhala. Amabwera usiku, kusiya mazira, kukwirira, kumwaza mchenga kuti pasadziwike, n'kubwerera m'madzi kusanache. Patapita masabata awiri kapena kucheperapo amabweranso kudzaikira dzenje lina, kangapo panyengo, kenako amasowa zaka ziwiri kapena zitatu. Ana ake sawaona. Sadziwa amene waswa, amene wadyedwa ndi nkhanu, amene wafika m'madzi. Usiku uja nditaona msana wake ukumira m'mafunde, osacheuka, ndinali ndi mwana wa eni kumsana, anga awiri ali ku Malawi kwa agogo awo. Musandifunse kuti ndinamva bwanji. Mukudziwa.

Koma ife si akamba, ndipo ndikukana kuti wina atiyerekeze nawo pa mbali iyi. Ife timacheuka tsiku lililonse. Timatumiza pa Mukuru mwezi usanathe, timadziwa saizi ya nsapato ya mwana amene sitinamugwire zaka zitatu, timachita homuweki pa foni bandulo ikutha. Pamene fanizoli likugwira ndi pena. Chisa chosiyidwa chimafuna mlonda. Dzuwa limafungatira mazira kwa miyezi iwiri, koma dzuwa silithamangitsa galu, silithamangitsa chiuli kapena munthu wobwera ndi khasu. Pamafunika wina woyenda usiku. Ndipo ife tonse amene tili kuno tili ndi wotiyendera usiku kumudzi: amayi athu a miyendo yotupa, achemwali amene ali ndi awo asanu, apongozi, nthawi zina mwana wathu woyamba amene iyenso ndi mwana. Ndi iwo amadzuka mwana akatentha thupi, ndi iwo amapita kusukulu akaitanidwa, ndi iwo amayankha mwana akafunsa kuti amayi abwera liti.

Tinene chilungamo, azimayi anzanga: olondera athuwa timawalipira bwanji? Ndalama timatumiza, inde, koma timaitchula mayina: iyi ya fizi, iyi ya yunifomu, iyi ya feteleza, iyi ya malata. Ya munthu wolerayo ili kuti? Timamufunsa malisiti ngati mmene madamu amatifunsira chenji ya buledi. Mwana akaonda pa chithunzi timakalipa pa foni. Tikafika pa Disembala ndi masutikesi, ana amathamangira ife, ndipo amene wawalera chaka chonse amaima kumbuyo atanyamula chikwama chathu. Ndikudziwa kuti alipo achibale odya ndalama za ana, nkhanizo tazimva zambiri pano, ndipo sindikuwaikira kumbuyo. Koma ambiri si otero. Ambiri akugwira shifiti yausiku yopanda kontirakiti. Ngati ndikufuna kuti mayi wa ku Bhanga Nek azilipidwa ngati katswiri, pakamwa pomwepa pakuyenera kunenanso kuti agogo aziona kenakake kotumizidwa m'dzina lawo, kosakhala ka ana, koti asafunsidwe kuti kapita kuti. Inu a kumudzi amene mukuwerenga, musachite manyazi kunena. Ndipo inu a kuno musandiuze kuti ndalama sikwana, ndikudziwa kuti sikwana, inenso ndimalandira ya m'khitchini.

Ndibwerere ku mchenga, chifukwa pali zina zoti amene mumatengedwa pa holide kumeneko muzidziwe. Kutentha kwa mchenga ndi kumene kumasankha kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi: mchenga wotentha umatulutsa aakazi ambiri, wozizira aamuna. N'chifukwa chake kutentha kwa dziko kukuwadetsa nkhawa anthu a ntchitoyi. Anawo akaswa amakumba pamodzi kukwera pamwamba, amadikira mchenga uzizire, n'kutuluka usiku onse nthawi imodzi, tinthu tokwana pachikhatho. Amathamangira kumene kukuwala, ndipo mwachibadwa kumawala ndi kunyanja. Babu limodzi la pakhonde loyang'ana kugombe likhoza kuwatembenuza onse kulowera kutchire, n'kukafa ndi dzuwa m'mawa. Nyumba za holide zija, amene amazimitsa magetsi pomaliza ndi ndani? Ndi ife. Tsekani makatani a mbali ya kunyanja, zimitsani la panja. Ana a madamu akakumba maenje ndi kumanga nyumba za mchenga masana, akwirireni musanachoke, chifukwa kamwana ka kamba kakagweramo sikatuluka. Ndipo mukakaona akuthamangira kumadzi, musawanyamule pofuna kuwathandiza. Asiyeni ayende okha.

Magalimoto nawo analetsedwa kuyenda m'magombe a dziko lino kuyambira cha mu 2001, kupatula okhala ndi chilolezo. Bwana wa mabaki akuluakulu akafuna kuonetsa ukatswiri wake pamchenga usiku, inu simungamuletse, tikudziwa malire athu. Koma mukhoza kumuuza madamu mwakachetechete kuti kuli faindi. Mawu oti faindi amamveka msanga kuposa mawu oti kamba.

Anawo akalowa m'madzi amatengedwa ndi mtsinje wamphamvu wa m'nyanja wotchedwa Agulhas, umene umatsika ndi gombe lonse kulowera kumwera. Ena amakankhidwa ndi mphepo n'kukathera m'madzi ozizira a ku Cape, kumene amafooka n'kutayidwa pagombe, makamaka cha ku Struisbaai. A Two Oceans Aquarium ku Cape Town amawatola, kuwachiza, n'kudzawabweza m'nyanja akalimba, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka atameza tizidutswa ta pulasitiki. Kumeneko n'kumene kunali kamba wotchuka uja Yoshi, amene anakhala m'thanki zaka 20, n'kumasulidwa mu Disembala 2017 atamuika kachipangizo komutsata. Anasambira makilomita oposa 35,000 mpaka kukafika kugombe la Australia. Zaka 20 m'nyumba ya eni, koma miyendo sinaiwale. Pamenepo sindiwonjezera kanthu, wina angandinenenso kuti ndayamba ulaliki umene ndimaukana.

Ndiye inu a ku Cape Town, Hermanus, Gansbaai ndi Struisbaai, amene mumayendetsa agalu a mabwana m'mawa pagombe kuyambira Malichi mpaka m'nyengo yozizira: mukaona kakamba kakang'ono pamchenga, kooneka ngati kafa, musakaponyenso m'madzi, kakafa ndi kuzizira. Kokani galuyo kaye. Kaikeni m'kabokosi kouma kokhala ndi mabowo a mpweya, pansi muyale kathaulo, musakathire madzi, musakapatse chakudya, musakaike padzuwa. Kumbukirani malo amene mwakatola, ndipo muwauze madamu aimbire a ku aquarium. Akakufunsani dzina la amene wakapeza, mutchule lanu.